Webusaiti yanu mukaiyesere pa boda, pa foni ya kasitomala

Mwezi wathawu basi yathu inaima nthawi yaitali pa Nyamapanda tikuchokera ku Joni, ndipo mukudziwa kale kuti anthu akatopa ndi kudikira amayamba kuonetsana za m'mafoni. Mayi wina amene tayenda naye njira imeneyi kwa zaka zambiri, amene amaoda mabulangete, makatani ndi mapoto n'kumakagulitsa ku Lilongwe, anatiitana kuti tidzaone webusaiti yake yatsopano. Anali atalipira ndalama zoti akanatha kuodera belo lathunthu la mabulangete. Tinaunjikana, iwo n'kudina. Kanthu kaja kanayamba kuzungulira. Kondakitala anabwera kudzafunsa za mapasipoti, anapita, kanthu kakuzungulirabe. Itatseguka, inayamba ndi vidiyo ya chipinda chogona chonga cha mu hotela, kanyimbo kakulira pansipansi, ndipo mtengo wa bulangete sitinauone mpaka dalaivala analiza hutala kuti tikwere.

"Komatu mu ofesi mwa mnyamata amene anaikonza imatseguka ngati mphezi," anatero mayiwo tili m'basi. Sitikuwakayikira. Mu ofesi muja muli Wi-Fi, muli laputopu ya sikirini yaikulu, ndipo tsambalo linali litatsegulidwa kambirimbiri pa makina omwewo moti zithunzi zake zinali zitasungika kale m'menemo. Koma amene amagula mabulangete a mayiwa sakhala mu ofesi imeneyo. Ndi mphunzitsi wa ku Mitundu amene wangolandira malipiro, ndi mwini loji wa ku Salima, ndi mnzathu wa geni wa ku Chipata amene akufuna kupikula khumi kamodzi. Onsewa ali ndi foni yaing'ono ndi bandulo yowerengeka.

Kenako anationetsa lipoti limene mnyamatayo amawatumizira mwezi ndi mwezi, la mizere yokwera ndi manambala a anthu amene akuti anafika pa tsambalo. Manambala ake anali osangalatsa ndithu. Tinawafunsa funso limodzi lokha, loti mwa anthu onsewo ndi angati amene anagula ngakhale poto mmodzi. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti makasitomala awo onse amabwerabe kudzera pa WhatsApp ndi pa shopu monga kale. Chikomekome cha mkuyu. Ndipo chaka chikatha ayenera kulipiranso kuti tsambalo lisatsekedwe.

Ife maganizo athu ndi awa: webusaiti ndi wantchito ngati wantchito wina aliyense, ndipo imadya malipiro. Mnyamata wa pa shopu akamangovala bwino koma osagulitsa kanthu, sitimusunga chifukwa cha kuvala kwakeko. Thiraki sitiiyamikira penti. Timafunsa kuti yadya dizilo wochuluka bwanji kuchoka Beira kufika Blantyre, ndipo yabweretsa zingati. Koma ikafika nkhani ya webusaiti, anthu ochenjera amene amakangana ndi ogulitsa a ku Kariakoo mpaka mtengo utatsika, amangogwedeza mutu kuvomera chilichonse chimene wauzidwa, chifukwa choopa kuoneka osadziwa za kompyuta. Palibe chovuta pamenepa. Zambiri zofunika kuyesa mungaziyese nokha ndi foni imene muli nayo m'thumba.

Yambani ndi kubwereka foni yotsika kuposa yanu. Tengani itel kapena Tecno yakale ya wantchito wanu, yosweka galasi ija, yodzaza zithunzi ndi nyimbo moti imachedwa kale payokha. Zimitsani Wi-Fi. Tsegulani webusaiti yanu pamalo pamene netiweki imabwera ndi kupita: pa Zobue, pa Songwe, pamzere wa mathiraki ku Kasumbalesa kapena ku Nakonde, ngakhale kumudzi kwanu kumene. Werengani masekondi mokweza. Mukafika khumi musanaone kanthu, dziwani kuti kasitomala anabwerera kale, chifukwa inuyo mukudikira popeza tsambalo ndi lanu, pamene iye alibe chomumangirira. Ikatseguka, musaigwirenso. Perekani foniyo kwa munthu amene sanaionepo, mumuuze kuti apeze mtengo wa chinthu chimodzi, kenako apeze njira yokulankhulirani. Musamuthandize, ngakhale pakamwa pakuyabweni bwanji. Muone pamene chala chake chikusochera, pamene akukulitsa zilembo chifukwa ndi zazing'ono, pamene akufuna kudina batani koma tsamba n'kudumpha iye n'kudina zina. Mphindi zitatu zimenezi zimakuuzani zambiri kuposa lipoti la mwezi wonse.

Musanabweze foniyo, onani bandulo imene yapita. Mafoni a Android amaonetsa mu Settings kuchuluka kwa data imene pulogalamu iliyonse yadya. Onani nambala ya Chrome kapena Opera musanatsegule tsamba, muonenso mutatsegula. Apa ndi pamene mawebusaiti ambiri a anzathu amagwera. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni yabwino chimatha kulemera 4MB kapena kuposa. Okonza ena amangochiponya pa tsamba momwemo osachichepetsa. Tiyerekeze kuti tsamba la mabulangete lili ndi zithunzi 20 zotere: ndiye kuti 80MB yapita pa ulendo umodzi. Munthu wa bandulo ya 1GB akatsegula tsamba lotere kakhumi ndi kawiri, bandulo yatha. Nanga amene ali kunja kwa dziko lake ndipo akulipira mitengo ya roaming? Mukumulipiritsa polowera asanaone n'komwe katundu. Chithunzi chomwecho chikachepetsedwa bwino chimatsika kufika pansi pa 200KB ndipo pa foni chimaonekabe bwinobwino. WhatsApp imachita zomwezi tsiku ndi tsiku mukamatumiza zithunzi, n'chifukwa chake zimafika msanga ngakhale netiweki ili ya kamzere kamodzi.

Pali china chimene okonza mawebusaiti sakonda kuchitchula. Makasitomala athu ambiri sagula bandulo ya intaneti yonse. Amagula ya WhatsApp yokha, kapena ya WhatsApp ndi Facebook, chifukwa ndiyo yotchipa. Munthu wotereyu mukamutumizira linki ya webusaiti, sitseguka, ngakhale itakhala yopepuka chotani. Choncho amene wakufunsani mtengo pa WhatsApp inu n'kumuyankha kuti "onani pa webusaiti yathu", mwamuthamangitsa nokha. Muyankheni pomwepo ndi chithunzi ndi mtengo. WhatsApp Business ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo yake kwaulere, ndipo kwa anthu ambiri a geni malo amenewa amagwira ntchito imene anaganiza kuti webusaiti idzagwira.

Amene mukufuna umboni woti mukauonetse kwa wokonza tsamba lanu, ulipo, ndipo ndi waulere. Google ili ndi chida chotchedwa PageSpeed Insights. Mumalembamo adiresi ya webusaiti yanu, chimaiyesa n'kukupatsani malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Kuyambira 90 kupita m'mwamba kumakhala kobiriwira, 50 mpaka 89 kwachikasu, pansi pa 50 kofiira. Chenjerani apa: chimapereka zotsatira ziwiri, za pa foni ndi za pa kompyuta, ndipo wokonza wochenjera adzakuonetsani za pa kompyuta chifukwa nthawi zambiri ndizo zimaoneka bwino. Inu funsani za pa foni. Pa mbali imeneyo chidachi chimayesa ngati kuti tsamba likutsegulidwa pa foni yapakatikati ndi netiweki yofooka, zomwe zili pafupi ndi moyo wathu. Muyezo wa Google ndi woti chinthu chachikulu cha pa tsamba, kaya ndi chithunzi kaya ndi mutu wa nkhani, chizioneka pasanathe masekondi 2.5, ndipo chikapitirira masekondi 4 amati tsambalo silili bwino. Amayesanso ngati tsamba limayankha msanga munthu akadina, ndiponso ngati zinthu sizikudumphadumpha pamene likutseguka. Pansi pake amalemba zimene zikulichedwetsa, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti ndi zithunzi zija.

Komabe malikisi amenewa musawapembedze. Tsamba lopanda kanthu limatha kukhoza 100. Taonapo mawebusaiti othamanga kwambiri amene alibe mtengo, alibe adiresi, ndipo nambala ya foni imene ilipo inasiya kugwira ntchito chaka chatha. Liwiro ndi khomo chabe. Limangothandiza kuti munthu alowe.

Tsopano tibwerere ku lipoti lija la manambala okwera, chifukwa ndi pamene ndalama za anzathu ambiri zikuthera. Mawu amene amalembedwa m'malipoti amenewa sakhala ofanana. Ena amawerenga "hits", ndipo pa kawerengedwe kameneka chithunzi chilichonse chimene chatseguka chimawerengedwa pachokha, moti munthu mmodzi wotsegula tsamba limodzi amatha kuoneka ngati khamu. Ena amawerenga maulendo, ena anthu. Ndipo si onse obwera pa tsamba amene ali anthu. Pa intaneti pamayenda mapulogalamu ongodziyendera okha, amene amawatcha ma bot, ena a makampani ofufuzira zinthu, ena a akuba ofunafuna khomo losatseka. Onjezanipo maulendo a wokonza tsambayo pamene akuliyesa, ndi anu omwe, poti tonse timadziwa kuti tsamba likakhala latsopano timalitsegula kasanu patsiku kungoti tilione.

Choncho nambala yaikulu ija muifunse mafunso. Anthuwo ali kuti? Google Analytics imaonetsa maiko ndi mizinda kumene obwera akuchokera. Ngati mumagulitsa mapoto ku Area 25 koma theka la obwera likuchokera ku maiko kumene simunatumizeko katundu chibadwire, nambala imeneyo si yanu. Anakhalapo nthawi yaitali bwanji? Amene wafika n'kutuluka m'masekondi awiri ali ngati munthu amene wasuzumira pakhomo pa shopu akuthawa mvula. Anafika bwanji? Pali chida china chaulere, Google Search Console, chimene chimaonetsa mawu enieni amene anthu analemba pa Google asanaone tsamba lanu, kangati tsambalo linaonekera, ndi kangati analidina. Ngati mawu onse ndi dzina la bizinesi yanu, ndiye kuti akukupezani ndi okhawo amene amakudziwani kale, ndipo tsambalo silinakubweretsereni mlendo. Ngati muli mawu onga "blankets wholesale Lilongwe" kapena "transport Johannesburg to Blantyre", pamenepo layamba kugwira ntchito. Zida ziwirizi uzani wokonza azitsegule pa akaunti yanu ya Gmail kuti muziona nokha. Akakana kapena akamazengereza, mwaphunzirapo kanthu za iye.

Nambala imene ife timaikhulupirira kuposa zonsezi ndi ya m'kope. Aliyense amene wagula koyamba, mufunseni kuti anakudziwani bwanji, mulembe. Ndi ntchito ya masekondi asanu. Palinso kanjira kena kosavuta. Batani la WhatsApp la pa webusaiti limatha kukonzedwa kuti munthu akalidina, uthenga uzibwera utalembedwa kale, mwachitsanzo "Moni, ndaona katundu pa webusaiti yanu". Linki za wa.me zimalola zimenezi ndipo wokonza aliyense amazidziwa. Ikatha miyezi itatu, fufuzani mawu amenewo mu WhatsApp yanu, muwerenge kuti abwera angati, ndipo mwa iwo alipira angati. Kenako chitani masamu amene mumachita pa katundu wina aliyense. Phatikizani zonse zimene tsambalo limadya pa chaka: kulipira dzina, kulipira malo amene limasungidwa, wokonza, ndi zotsatsa ngati mumalipira. Gawani ndi chiwerengero cha amene anagula. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana R3,000 ndipo ogula anali asanu ndi mmodzi: aliyense mwamugula pa R500. Kwa transporter amene kasitomala mmodzi amamupatsa lodi ya matani 30, imeneyo ndi ndalama yochepa kwambiri. Kwa wogulitsa mapoto amene amapeza R40 pa poto, tsambalo likumudya. N'chifukwa chake sitinganene kuti webusaiti ndi yabwino kapena yoipa tisanadziwe kuti mwini wake amagulitsa chiyani.

Nkhani ya mitengo ndi yowawa kwa ife oyenda maiko angapo, ndipo tiime pamenepa pang'ono. Ku Malawi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ku Zimbabwe ndalama inasinthidwa mu April 2024 pamene anabweretsa ZiG. Tonse tikukumbukira m'mene mitengo inasinthira usiku umodzi. Koma pitani pa mawebusaiti a anzathu ena lero, mupeza mitengo ya nthawi imene kwacha isanagwe ikadali pomwepo, chifukwa mwini wake sadziwa kusintha yekha ndipo wokonza amafuna ndalama nthawi iliyonse akagwira tsambalo. Kasitomala amabwera ndi mtengo wakalewo m'manja, inu n'kumuuza wina, iye n'kuchoka akuganiza kuti mumafuna kumubera. Ena pothawa vutoli anachotseratu mitengo n'kulemba kuti "imbani kuti mudziwe mtengo". Ife tikuona kuti uku n'kulakwitsanso. Tikamafufuza katundu wa ku Joni tili kunyumba, tsamba lopanda mtengo timalidumpha, chifukwa tilibe mayunitsi oimbira anthu khumi kunja kwa dziko. Lembani mtengo, nenani kuti ndi wa ndalama iti, ndipo ikani deti limene munaulemba. Mawu oti kwacha okha sakwanira pamene ogula anu ena ali ku Chipata ena ku Mchinji. Yeso lake ndi ili: kodi mungathe kusintha mtengo nokha, pa foni yanu, muli m'basi, pasanathe mphindi zisanu? Ngati simungathe, tsambalo ndi chikwangwani chimene munakhoma n'kutaya makwerero.

Chimodzimodzi malipiro. Tsamba limene limangolandira khadi la ku banki lasiya kunja anthu ambiri amene timagulitsana nawo. Nenani poyera ngati mumalandira Airtel Money, Mpamba, MTN MoMo, EcoCash, M-Pesa kapena Mukuru, ndipo nenani kuti katundu amafika bwanji, pa basi iti kapena pa depoti iti, ndi masiku angati.

Mwayi umene tili nawo ndi woti ifenso ndife ogula. Tisanatumize ndalama kwa wogulitsa wa ku Crown Mines, wa ku Dar es Salaam, kapena wa magalimoto ku Japan, timaliyang'ana tsamba lake ndi diso la munthu amene anapsapo. Timafuna adiresi yeniyeni imene tingaione pa Google Maps, kapena kutumako mnzathu amene ali komweko. Timafuna dzina la kampani lofanana ndi dzina la pa akaunti ya ku banki, chifukwa tsamba likamanena kampani koma ndalama akuti zipite ku akaunti ya munthu, timadziwa kuti pali fungo. Ku South Africa kampani yolembetsedwa imapezeka ku CIPC, ku Zambia ku PACRA, ndipo nambala ya VAT ya ku South Africa imakhala ya manambala khumi oyamba ndi 4, yomwe mungaitsimikize pa tsamba la SARS. Amene mumabweza VAT ya 15 peresenti potuluka mukudziwa kuti popanda invoisi yoyenera simupeza kanthu. Timaonanso kuti dzina la tsambalo linalembetsedwa liti, zomwe zimapezeka pofufuza pa WHOIS. Kampani yodzitama kuti yakhala zaka makumi awiri koma dzina lake la pa intaneti lili ndi miyezi iwiri, imafunika kufunsidwa bwino. Kaloko kaja kamene tinkauzidwa kuti ndi chizindikiro cha chitetezo musakadalire. Kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa panjira, ndipo satifiketi yake imapezeka mwaulere, moti akuba nawonso ali nayo. Chrome inafika pokachotsa kalokoko mu 2023. Komabe tsamba limene likulembedwa kuti "Not secure" pamwamba limaopseza anthu, ndipo lanu likamatero uzani wokonza alikonze lero lomwe.

Tsono diso lomwelo litembenuzireni pa tsamba lanu. Munthu amene sakukudziwani, ali ku Mzuzu kapena ku Tete, angapezepo chiyani chomulimbitsa mtima kuti atumize ndalama? Zithunzi zotengedwa pa intaneti za nyumba zosungiramo katundu za ku Ulaya sizimupusitsa. Chithunzi cha shopu yanu yeniyeni, chikwangwani chikuoneka, katundu ali m'mashelefu, chimagwira ntchito kuposa zonsezo, ngakhale penti itasuluka.

Anzathu a mathiraki, nkhaniyi ikukukhudzani mwina kuposa a geni, chifukwa lodi imodzi yobwerera imasiyanitsa ulendo wa phindu ndi wa dizilo wotayika. Wofuna transporter safuna ndakatulo za "masomphenya a kampani yathu". Akufuna kudziwa njira zimene mumayenda, kaya ndi ya Beira, ya Nacala, ya Dar kudzera Tunduma, kapena ya Durban kudzera Beitbridge kapena pa mlatho wa Kazungula. Akufuna kudziwa mtundu wa mathiraki ndi matani ake, ngati muli ndi inshuwalansi ya katundu ali panjira, ngati mapepala odutsira m'maboda ali m'malo, monga Yellow Card ya COMESA ndi chilolezo cha C-BRTA kwa a ku South Africa. Koposa zonse akufuna nambala imene wina aiyankhe. Yesani izi: pemphani m'bale wanu alembe uthenga pa fomu ya pa webusaiti yanu Loweruka madzulo, muone kuti ufika kwa ndani ndipo uyankhidwa liti. Mmodzi mwa ife atayesa anapeza kuti mauthenga onse a pa fomu ankapita ku imelo ya wokonza tsamba, amene anali atasamukira kwina kalekale. Munali anthu ofunsa mitengo ya malodi, miyezi ndi miyezi, osayankhidwa. Lipoti la alendo linkabwerabe lokongola.

Tikudziwa kuti ena mwa achinyamata amene amakonza mawebusaiti awerenga izi mokwiya, ndipo ali ndi mfundo zimene sitingazikane. Makampani akuluakulu, mabungwe ndi maofesi opereka matenda kawirikawiri amayamba akufufuzani pa intaneti, ndipo imelo yokhala ndi dzina la kampani yanu imalemera kuposa ya Gmail. Kwa amene akusaka makasitomala otere, tsamba laling'ono laukhondo limabweza ndalama yake ngakhale litabweretsa kontilakiti imodzi pa chaka. N'zoonanso kuti peji ya Facebook si yanu. Ikhoza kubedwa kapena kutsekedwa popanda wokafunsa, ndipo amene tinali pa geni pa 4 October 2021 tikukumbukira tsiku limene Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ife n'kungokhala manja lende. Kukhala ndi malo akoako n'kwanzeru. Ndipo tivomereze kuti nthawi zambiri olakwa ndife eni ake. Ndife amene timauza wokonza kuti tikufuna vidiyo, tikufuna zithunzi zoyendayenda, tikufuna lifanane ndi la kampani yaikulu imene tinaiona, iye n'kungotipatsa chimene tapempha. Wokonza wabwino adzakondwa mukamupempha tsamba lopepuka, chifukwa akudziwa kuti ndi limene limagwira ntchito.

Koma mawu oti malo akoako ali ndi msampha wake. Dzina la webusaiti, kaya likuthera ndi .mw, .co.za, .co.zm kapena .com, silimagulidwa kamodzi. Limabwerekedwa, ndipo limalipiridwa chaka ndi chaka. Funsani lero kuti linalembetsedwa m'dzina la ndani, ndipo imelo yokumbutsa za kulipira imapita kwa ndani. Mnzathu wina analembetsa adiresi ya webusaiti yake pa zitseko za mathiraki ake atatu ndi pa mabuku a invoisi. Iye ndi wokonza atasemphana pa nkhani ya ndalama, anazindikira kuti dzinalo linali la wokonzayo. Chaka chitatha silinalipiridwe, tsamba linazima, maimelo a kampani anazima nalo limodzi, ndipo mathiraki akuyendabe mpaka pano akulengeza adiresi imene kulibe. Dzina likhale lanu, mawu achinsinsi olowera mukhale nawo inu, ndipo deti lolipira mulilembe pomwe mumalemba la inshuwalansi ya galimoto.

Amene simunayambe n'komwe ndipo mukuganiza zolipira, yambani mwayesa zaulere kwa miyezi ingapo: Google Business Profile kuti shopu yanu izioneka pa mapu ndi nambala ndi maola otsegulira, ndi katalogi ya WhatsApp Business. Kope lija lidzakuuzani ngati pakufunikanso china.

Mayi a mabulangete aja tinakumana nawonso sabata yatha ku depoti akutumiza katundu. Sanalitaye tsamba lawo. Anabwerera kwa mnyamata uja ndi pepala m'manja, ndipo akuti poyamba ananyinyirika koma anachita: vidiyo inachotsedwa, zithunzi zinachepetsedwa, mitengo ili pamwamba ndi deti lake, ndipo batani la WhatsApp likubwera ndi uthenga wolembedwa kale. Dzina la tsamba analisamutsira kwa iwo atalipira kandalama kena kamene sanakakonde. Kutsala miyezi inayi kuti alipirenso chaka china, ndipo atsegula tsamba latsopano m'kope lawo la ngongole, kumapeto kwenikweni, kumene akulemba aliyense wobwera ndi uthenga uja. Pofika tsiku limenelo munali maina awiri, mmodzi anagula makatani. Atiuza kuti akapanda kufika khumi ogula, salipiranso. Ulendo wa mwezi wamawa tadutsanso pa Nyamapanda, ndipo tagwirizana kuti tikaliyesera pa foni ya kondakitala.